Pule Imene Ndinamasula Lachisanu

Ana anga, mwakhala mukundiumiriza kuti ndilembe za ntchito yanga maso asanatheretu. Za ubwana wanga mulibe chachilendo. Ndinalima chimanga ngati anzanga onse, sukulu ndinalekezera Fomu 2. Ndiyambira pamene ndinavala ovolosi koyamba, chifukwa munthu amene ndikufuna mumudziwe ndinakumana naye pamenepo.

Chitala, kumapeto kwa zaka za m'ma 1970

Ntchito yanga yoyamba inali pa galaja ya bungwe lina la zaulimi, limene linali ndi mathirakitala, malole ndi mapikapu oyendera alangizi. Folomani wa galajayo anali Che Saidi, Msilamu wa kunyanja, munthu wamfupi, wolankhula motsitsa mawu ngati pali wina wagona pafupi. Tsiku loyamba ndinkayembekeza kuti andipatsa injini yoti ndiphwasule. Iwo anandipatsa ndowa yodzaza mapule akale, palafini ndi kansanza. Pule ndi kagudumu kachitsulo kokhala ndi ngalande m'mphepete, mmene lamba wa injini amadutsa.

"Tsukani, a Lakisoni," anatero. "Mukamaliza mundipatulire amoyo ndi akufa."

Ndinatsuka mpaka masana, ndipo onse ndinawaika mbali ya amoyo, chifukwa panalibe yosweka ndi imodzi yomwe. Che Saidi sanandiseke. Anatola pule imodzi, nkulowetsa lamba watsopano m'ngalande mwake. Lambayo anamira mpaka pansi.

"Lamba amagwira ndi m'mbali, sagwira ndi pansi," anandiuza. "Mukaona pansi pa ngalande pakunyezimira, dziwani kuti pule yadyeka. Mungaike lamba watsopano sabata iliyonse, azingoterera ndi kulira."

Kenako ananditsegulira boneti ya pikapu nkundionetsa mmene zinthuzi zimayendera. Pule yaikulu ya pansi imazunguzidwa ndi injini yeniyeniyo. Iyo imakoka lamba, lamba nkuzunguza pule ya pampu ya madzi ndi ya olutaneta, yomwe imadyetsa batire. Pule yaikuluyo ikafa madzi sayenda, injini imawira, ndipo galimoto imaima paliponse pamene yafika. Anandiphunzitsa kudinikiza lamba ndi chala chachikulu: wokhwefuka amaterera, wothina kwambiri amapha mabering'i, timipira tachitsulo timene pule imazungulirapo. Anandiphunzitsa kukunga ulusi kuchokera pa pule ina kufika pa inzake, kuti ndione ngati aima mzere umodzi. Ankagunditsa nsonga ya sikuludalaiva yaitali pa olutaneta injini ikulira, chogwirira chake atachiika kukhutu, ndipo ankatha kunena kuti bering'i iyi yatsala ndi mwezi umodzi. Kawirikawiri mweziwo unkakwana ndithu.

Manijala wathu nthawi imeneyo anali a Mbewe, munthu amene ankabwera kugalaja nkukhala pa tayala, nkumacheza nafe tikugwira ntchito. Zipangizo zinkapezeka. Ukalemba pepala Lolemba, Lachinayi katundu wafika. Ndikamakumbukira zaka zimenezo ndimamva fungo la dizilo ndi thonje, chifukwa malole athu ankabwera kugalaja thonje likadali m'makona.

Che Saidi ankandiposa ndi zaka khumi ndi zisanu, koma sananditchulepo dzina lopanda ulemu. Pamene ndinkakwatira amayi anu, a Esinala, anafika kwathu m'mamawa ndi mpeni wawo nkuzinga mbuzi zonse ziwiri, kuti alendo a mipingo yonse adye momasuka. Mkulu wanu Fane atabadwa, iwo ndi amene anatitengera kunyumba pa pikapu, akuyendetsa pang'onopang'ono moti njinga zinkatipitirira.

Salima boma, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990

Bungwe linasamutsira galaja ku boma, kufupi ndi njanji, ndipo tonse tinasamuka. A Mbewe anapuma, kunabwera a Kalinde. Sindikufuna muwaone ngati munthu woipa. Anapeza bungwe likutha, zipangizo zikusowa m'sitolo mosadziwika bwino, ndipo anaika lamulo lakuti chitsulo chilichonse chisachoke pa galimoto ya bungwe popanda siginecha yawo. Wophwanya lamulolo ntchito inkamuthera. Awiri anachotsedwa chaka choyamba, ndipo mmodzi mwa iwo analidi wakuba.

Zinali zaka za kusowa. Lamba wamba tinkamudikira miyezi itatu. Kuseri kwa galaja kunali malo amene tinkawatcha kumanda, kumene kunkagona magalimoto akufa, ndipo tinkapitako tsiku lililonse ndi masipanala. Pule yong'aluka tinkaiwotcherera nkuipala ndi tupa mpaka iyende mosagwedera. Bering'i yomata tinkaitsegula ndi singano nkuithira girisi kuti ikhalekonso miyezi iwiri. Mchenga wa m'misewu ya kunyanja unkadya ngalande za mapule ngati sandipepala, ndipo kutentha kwa kuno kunkaumitsa mphira. Pule yaikulu ya mapikapu amene tinali nawo inali ya zitsulo ziwiri, chamkati ndi chakunja, zomatidwa ndi mphira pakati. Che Saidi ankandiuza kuti ndizijambula mzere wa choko kudutsa zitsulo ziwirizo. Galimoto ikabwerako mzerewo utasemphana, ndiye kuti mphira wayamba kutaya.

Ngakhale zinali choncho, sindikumbuka kuti tinkadandaula kwambiri. Nthawi ya tiyi tinkakhala pa benchi pansi pa mtengo wa nimu, Che Saidi akutisimbira za bwato la bambo awo. Inu munali asanu pamenepo, Fane atangosankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko.

Lachisanu lija, mwezi wa Febuluwale

Mvula inayamba m'mawa ndipo sinakate. A Kalinde anali atapita ku Lilongwe pa galimoto ina, nkutisiyira pikapu yawo kuti tiikonze, chifukwa m'mawa mwake kunkabwera alendo a kulikulu oti akawaonetse minda. Pikapuyo tinali titaikweza pa zitsulo, matayala onse anayi titawachotsa, mabuleki titawamasula. Malole onse anali kumidzi ndi feteleza. Itakwana 12 koloko, Che Saidi anasamba, anavala mkanjo wawo woyera nkupita ku mzikiti monga ankachitira Lachisanu lililonse. Galaja inatsala m'manja mwanga.

Pasanathe theka la ola, anthu anakankhira pageti pathu ambulansi ya kachipatala kena ka mishoni ka mbali ya ku Maganga. Nthunzi inkatuluka m'boneti. Dalaivala wake, a Jere, ndinkawadziwa pang'ono. Nditatsegula boneti ndinapeza chitsulo chakunja cha pule yaikulu chitavuka, chikulendewera pa lamba. Zimenezo siziwotchereka. Ndinathamangira kumanda kuja, koma ndinkadziwa kale kuti pule ya mtundu umenewo kulibe. Mu Salima yense, imene ndinkaidziwa ine inali imodzi, pa pikapu ya a Kalinde, chifukwa injini zake zinali zofanana.

M'ambulansimo munali mayi wapakati amene matenda anamuyamba dzulo lake. A chipatala cha pa boma pano anali atamuona kale nkunena kuti athamange naye ku Lilongwe. Nkhope yake sindinaione. Ndinangoona mapazi ake pa chitseko cha kumbuyo, ndipo ndinkamva akubuula motsitsa. Nesi amene anali naye anatsika nkuima pamvula.

"A makaniko, ine za injini sindizidziwa," anatero. "Chimene ndikudziwa nchakuti tikakhala pano maola awiri, tibwerera ku Maganga ndi maliro."

Ndinawauza za lamulo la a Kalinde. Anangondiyang'ana, madzi akutsika m'chipewa chawo, kenako anabwerera kwa wodwala wawo.

Ndinaima pakati pa magalimoto awiriwo. Ndinaganiza za inu asanu, za Fane ndi sukulu yake, za nyumba ya bungwe imene tinkakhalamo. Ndinaganizanso zothamangira ku mzikiti, koma kupita ndi kubwera inali nthawi imene mayiyo analibe. Ndinatenga sipanala yaikulu. Bawuti ya pule imeneyo ndi yolimba kwambiri, ndipo popeza galimotoyo inali m'mwamba panalibe chogwira injini kuti isazungulire. Ndinatsamiritsa sipanala ku chitsulo cha galimoto nkugunda sitata kamodzi, bawuti nkumasuka. A Jere ankandipatsira zida. Pasanathe ola pule inali pa ambulansi, lamba nditamuyesa ndi chala, madzi titathira. A Jere analonjeza kuti abwera nayo madzulo omwewo. Ananyamuka, ine nkutsala ndikuyang'ana malo opanda kanthu kutsogolo kwa injini ya a manijala.

Che Saidi anafika mkanjo utanyowa m'munsi. Anayang'ana m'boneti ya pikapu, kenako anayang'ana pule yakufa ija pa benchi. Ndinawafotokozera zonse.

"Bawuti munailimbitsa bwino?" anafunsa.

"Ndinalimbitsa."

"Alhamdulillah. Ndiye akafika." Anapachika chisoti chawo pa msomali. "Mawa akafunsa, inu musayankhe. Folomani wa galaja ino ndine."

"Koma inu kunalibe, Che Saidi."

"Ana anga anakula, a Lakisoni. Anu sanakule."

Ambulansi sinabwere tsiku limenelo. Mtsinje wina unasefukira pamsewu ndipo magalimoto anagona tsidya lina. M'mawa mwake alendo a kulikulu anafika, a Kalinde nkusowa chowanyamulira. Anawakweza pa lole ya feteleza, mmodzi wa iwo atavala suti. Madzulo ake anatiitanitsa ku ofesi, ine ndi Che Saidi.

"Ndani analamula kuti pule ichoke pa galimoto yanga?"

"Ndine, bwana," anatero Che Saidi.

"Lachisanu masana inu mumakhala ku mzikiti. Aliyense akudziwa."

"Dzulo ndinabwerako msanga."

Zaka zonse zimene ndinagwira nawo ntchito sindinawamvepo akunama, ngakhale pa nkhani ya bawuti yotayika. A Kalinde anatembenukira kwa ine.

"A Lakisoni, ndi zoona zimenezi?"

Chisankho chimene ndimachitcha chovuta si cha pule ija. Pule ndikanaimasulanso lero. Chovuta chinali ichi, ndipo ndinasankha ndikuyang'ana simenti ya pansi.

"Ndi zoona, bwana," ndinatero.

Che Saidi anapatsidwa kalata yowapumitsa ntchito kutatsala zaka zitatu kuti nthawi yawo ikwane. A Kalinde anati awachitira chifundo posawalembera kuti achotsedwa. Pule ija inabwera Lachiwiri, a chipatala atapeza yawo ku Lilongwe. A Jere anaisiya kwa mlonda wa pageti itakulungidwa m'nyuzipepala, ndipo sindinaonane nawo.

Amayi anu ndinawauza zonse. Iwo anati, "Bambo a Fane, pitani mukanene zoona. Tikabwerera ku Chitala, munda ulipo." Ndinati ndipita Lolemba. Lolemba litafika ndinati ndidikire mtima wa a manijala utsike. Patapita miyezi iwiri anandikweza kukhala folomani, ndipo ndinavomera. Amayi anu sanaitchulenso nkhaniyo mpaka kumwalira kwawo, koma chaka chilichonse tikakolola ankapatula thumba la chimanga nkulitumiza kunyanja kwa Che Saidi, osandifunsa.

Tsiku lawo lomaliza, Che Saidi anatenga kamkeka kawo kopempherera kuseri kwa sitolo ndi kapu yawo ya tiyi. Ndinawaperekeza mpaka pa depoti. Pokwera basi anandigwira dzanja nkunena kuti, "Muzibwera kunyanja. Si kutali."

Zaka za ufolomani

Kunalidi kufupi, ulendo wosakwana ola. Koma m'zaka zonse zotsatira ndinapitako kawiri kokha. Ndinkati ntchito yachuluka, koma chinkandiletsa ndi manyazi. Ndinkakhala pa mpando wawo, ndikulemba m'buku limene munali zolemba zawo, ndipo galimoto ikandizunguza mutu ndinkatembenuka kuti ndiwafunse, nkupeza khoma.

Magalimoto anasintha. Kunabwera injini za lamba mmodzi wamtali, wa timizere tambiri, wozungulira mapule asanu kapena asanu ndi limodzi, ndi kapule kena ka sipuling'i kamene kamamukunga kokha. Mapule ena anayamba kubwera apulasitiki. Zowotcherera ndi zopala zinatha, chakufa nkungotaya. Ndinaphunzira zonsezo, koma panalibe woti ndikambirane naye nthawi ya tiyi.

Ulendo wachiwiri umene ndinapita kwawo ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango, akukonza injini ya boti ya msodzi wina. Anali atakalamba, ndevu zonse zoyera. Ndinali nditakonzeka njira yonse kuti ndipepese. Nditangoyamba kuti, "Che Saidi, za tsiku lija," anandidula.

"Ndamva kuti kwabwera injini za lamba mmodzi. Tandijambulireni."

Ndinatola kamtengo nkujambula pamchenga mapule onse ndi njira imene lamba amadutsa, uku akugwira ndi mimba, uku ndi msana. Anawerama nkuyang'anitsitsa nthawi yaitali, akutsatira mzerewo ndi chala.

"Ndiye akaduka mmodziyu, zonse zaima limodzi?"

"Zonse."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Amene anaganiza zimenezi sanayendepo msewu wa ku Maganga nthawi ya dzinja."

Tinacheza za mapule mpaka nthawi ya swala ya masana itakwana. Anandipatsa usipa wouma woti ndipatse amayi anu. Ndinakwera basi mawu anga ndisanawanene, ndipo chimenecho chinali chomaliza kuwaona.

Nditapuma ntchito

Bungwe lija linatsekedwa ine nditangopuma. Pamene panali galaja pano pali sitolo ya simenti, ndipo mtengo wa nimu anaudula. Amayi anu anatisiya chaka chotsatira. Ndinkati maliro akatha, mtima ukakhazikika, ndipita kunyanja ndikakhale sabata yathunthu. Uthenga wa imfa ya Che Saidi unandipeza ndili kumunda ku Chitala. Anzathu Achisilamu sachedwetsa maliro, choncho pofika ine tsiku lotsatira anali ataikidwa kale.

Anandilandira ndi mwana wawo woyamba, a Yusufu, bambo wa imvi zake, wogulitsa nsomba. Tinakhala pakhonde, anandithirira tiyi. Anandiuza kuti bambo awo ankanditchula kawirikawiri, ankati pa anthu onse amene anawaphunzitsa, amene anali ndi khutu ndi a Lakisoni.

"Zinangovuta kuti msana unawapumitsa ntchito msanga," anatero a Yusufu. "Ankaikonda galaja ija."

"Msana?"

"Eya. Anatiuza kuti sakuthanso kugona pansi pa galimoto."

Apo ndinazindikira kuti zaka zonsezo sanauze ngakhale ana awo. Ndikanatha kumwa tiyi wanga nkutsanzika bwinobwino. Koma ndinaika kapu pansi nkuwafotokozera a Yusufu zonse: ambulansi, pule, ofesi ya a Kalinde, ndi mawu atatu amene ndinayankha. Sindinachotsepo kanthu. Ndinkayembekeza kuti akwiya, kapena andifunsa chifukwa chimene ndinakhalira chete nthawi yonseyi, ndipo ndinali wokonzeka kulandira.

Anayang'ana kubwalo, kumene amayi ankatsuka mbale za pamaliro. Kenako anandifunsa funso limodzi.

"Nanga mayi uja anachira?"

Ndinali nditasenza nkhaniyi zaka zoposa makumi awiri, ndikuiganiza pogona ndi podzuka, koma nthawi zonse ndinkaganiza za ine, za mlandu wanga ndi manyazi anga. A Jere ndinkawazemba ndikawaona pamsika. Sindinafunsepo munthu aliyense ngati ambulansi ija inafika nthawi yabwino.

"Sindikudziwa," ndinatero.

"Ndiye bambo nawonso anapita osadziwa."

"Osadziwa."

A Yusufu anatenga ketulo nkundithiriranso tiyi. "Imwani, bambo, mwayenda ulendo," anatero. Pochoka anandiperekeza mpaka kumanda, nkundisonyeza mulu wa dothi latsopano, iwo nkubwerera kuti nditsale ndekha.

Mwezi wotsatira ndinakwera kabaza kupita ku kachipatala kaja. A Jere anamwalira kalekale, nesi uja palibe amene ankamukumbuka, ndipo mabuku a zaka zimenezo anati sakudziwa kumene ali. Ndinafunsa amayi achikulire awiri amene anali pa mzere wa sikelo ndi zidzukulu zawo. Anati amayi amene anathamangitsidwa ku Lilongwe nthawi ya mvula ndi ambiri, ena anabwerako, ena ayi, ndiye ndikunena uti? Dzina lake sindinalidziwe. Ndinangoona mapazi.

Ngati mwanayo anabadwa wamoyo, pano ndi munthu wamkulu, mwina ali ndi ana ake. Tsiku la msika ndimakhala pakhonde la sitolo ya simenti ija, nkumaona anthu a ku Maganga akudutsa ndi mpunga ndi chinangwa pa njinga. Ena amandipatsa moni, ine nkuyankha. Ndikanakonda Che Saidi akanakhala pambali panga, tizionera limodzi.